Kakitasi wa Khirisimasi: Duwa Limene Layenda Dziko Lonse pa Kanthambi

Munthu akamva za kakitasi amaganiza za chipululu: dzuwa loswa mtengo, mchenga wotentha, ndi chomera chaminga chimene ngakhale mbuzi imachilambalala. Koma kumpoto kwa mzinda wa Rio de Janeiro, ku Brazil, kuli mapiri a nsonga zosongoka otchedwa Serra dos Órgãos, kumene nkhungu yochokera kunyanja ya Atlantic imagona m'nkhalango pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kumeneko kuli kakitasi wosadziwa chipululu n'komwe. Amamera pamphanda za mitengo ikuluikulu ndi m'ming'alu ya matanthwe, pamene pamaunjikana ndere ndi masamba ofota. Sayamwa kanthu mumtengo umene wakhalapo, amangoupempha malo. Nthambi zake zimalendewera pansi, ndipo nyengo yozizira ikafika, kunsonga kwake kumatuluka maluwa ofiirira amene timbalame ta hummingbird timabwera kudzamwamo timadzi.

Chomera chimenechi lero chili m'mawindo, m'makhonde ndi m'masitolo a maluwa m'mayiko ambirimbiri, ndipo ku Ulaya chimadziwika kuti kakitasi wa Khirisimasi. Ulendo wake wonse wa zaka zoposa 200 chauyenda makamaka pa kanthu kamodzi: kanthambi kothyoledwa ndi zala, kotalika osaposa chala cha munthu.

Kuti kanthambi kathe kuchita zimenezi, chinsinsi chili m'kapangidwe ka chomeracho. Tizigawo taphanthiphanthi tobiriwira timene anthu ambiri amati ndi masamba si masamba ayi. Ndi tsinde lenileni, lolumikizana kagawo ndi kagawo, ndipo lili ndi madzi osungira mkati. Pamfundo pamene kagawo kena kakumana ndi kanzake pamatha kutuluka mizu, nthawi zina ikadali m'malere, chinyezi chikachuluka. Kunkhalango, mphepo kapena nyama ikathyola nthambi n'kugwera pamphanda ina pamene pali ndere, nthambiyo imagwira n'kupitiriza moyo. Komanso chomerachi, monga mitundu ina ya kakitasi, chimatsegula timabowo take topumira makamaka usiku, kotero sichitaya madzi ambiri masana. Kagawo kothyoledwa kangathe kukhala masiku ambiri kopanda mizu osauma. Mbewu yotere ndiyo inkatha kupirira ulendo wa milungu yambiri pa zombo zoyendera mphepo, pamene zomera zina zanthete zinkafera panjira ndi mchere wa m'nyanja ndi ludzu.

Khomo la ulendowo linatseguka ndi nkhondo. Mu 1807 asilikali a Napoleon analowa m'dziko la Portugal, ndipo banja lachifumu linathawira ku Brazil. Litafika mu 1808, mtsogoleri wa banjalo, Dom João, analola kuti zombo za mayiko apaubwenzi, makamaka Britain, ziziima pamadoko a Brazil, amene kwa zaka zambiri anali otsekedwa kwa alendo. Pambuyo pa amalonda panabwera osaka zomera. Munda wachifumu wa Kew wa ku Britain unatumiza anyamata awiri, Allan Cunningham ndi James Bowie, amene anakhala ku Brazil kuyambira 1814 mpaka 1816 akutola mbewu ndi zomera. Pofika 1818 mtundu woyamba wa kakitasi wolendewera wa m'mapiri aja unali ukulimidwa ku Ulaya, ndipo mu 1819 katswiri wa zomera zosunga madzi, Adrian Hardy Haworth, anaulemba m'mabuku a sayansi. Lero umatchedwa Schlumbergera truncata. Tizigawo take tili ndi mano osongoka m'mbali, ndipo maluwa ake amaima chopingasa, ngati akusuzumira.

Mtundu wachiwiri unabwera ndi George Gardner, mnyamata wa ku Scotland amene anaphunzira zachipatala ku Glasgow koma mtima wake unali pa zomera. Anafika ku Rio mu 1836 n'kukhala ku Brazil mpaka 1841. Mu 1837 anakwera mapiri a Serra dos Órgãos, akugonera pafamu ya Mngelezi wina, George March, m'dera limene lero kuli mzinda wa Teresópolis. Pamwamba, kumene kumazizira kwambiri, anapeza kakitasi wina wa tizigawo tosalala m'mbali, wa nthambi zogwa pansi ndi maluwa oyang'ana pansi, amene amachita maluwa mochedwerapo kusiyana ndi woyamba uja. Chomeracho chinapatsidwa dzina la John Russell, Duke wa Bedford, mmodzi mwa anthu amene ankathandiza Gardner ndi ndalama, ndipo anali ndi mitundu yambiri ya kakitasi kunyumba yake ya Woburn Abbey. Chinafika m'minda ya ku England mu 1839, chaka chomwe Duke uja anamwalira.

Pano pali mbali ina ya mbiri imene mabuku a maluwa sakonda kuikamba, koma ndi yoyenera kuitchula. Mafamu a m'mapiri amenewa, kuphatikizapo ya March, ankayenda ndi thukuta la akapolo ochokera ku Africa. Zaka zomwezo khofi anali akufalikira m'chigwa cha mtsinje wa Paraíba, kuseri kwa mapiriwo, ndipo nkhalango inkagwetsedwa ndi kutenthedwa kuti papezeke minda. Ambiri mwa anthu ogwidwa ukapolo amene ankatsitsidwa pa Rio ankachokera ku Angola ndi ku Congo, koma analipo ochuluka ndithu okwezedwa zombo pa Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique, ena a iwo ogwidwa m'madera a chigwa cha Zambezi. Maina a olemera amene analipira maulendo ali pa zomera mpaka lero. Maina a anthu amene anasenza katundu ndi kulambula njira m'nkhalangomo sanalembedwe pa duwa lililonse.

Mitundu iwiri ija, imene kwawo imakhala yotalikirana pang'ono chifukwa wina amakonda m'munsi ndipo wina pamwamba pa phiri, inakumana pa tebulo limodzi ku Tooting, kum'mwera kwa London. Kumeneko kunali nazale ya banja la Rollisson, yotchuka ndi maluwa a orchid ndi zomera za erica zochokera ku Cape. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, wogwira ntchito wina panazalepo, William Buckley, anatenga mungu wa mtundu wina n'kuupaka pa duwa la mtundu unzake. Zipatso zitapsa anafesa njere, ndipo mwa mbande zimene zinamera anasankhamo zochepa zomukomera m'maso. Mu 1852 Thomas Moore, amene ankayang'anira munda wa Chelsea Physic Garden, analemba za mbewu zatsopanozi. Imodzi inatenga dzina la Buckley. Inali ndi nthambi zogwa mokongola ngati za mtundu wa Gardner, mphamvu zokula ngati za mtundu woyamba, ndipo maluwa ake ankatuluka pakatikati pa nyengo za makolo ake awiri, imene ku England imagwa cha mu Disembala.

Apa ndiye pagona nkhani. Mbewu ya haibulidi, yobadwa pokwatitsa mitundu iwiri, ukafesa njere zake, ana satuluka ofanana ndi kholo. Kuwonjezera apo, zomera zambiri za mtundu umenewu sizibereka ndi mungu wake womwe, zimafuna mungu wa chomera china chosiyana nacho. Choncho njira yokha yosungira duwa la Buckley momwe linalili inali kuthyola kanthambi n'kukabzala. Kanthambiko kakakula, wina amathyolakonso. Mlimi aliyense wa chinangwa akuidziwa bwino njira imeneyi: sasunga njere, amasunga mitengo, ndipo munda wa chaka chino ndi thupi lomwelo la munda wa chaka chatha. Tanthauzo lake ndi lakuti kakitasi weniweni wa Buckley amene ali pakhonde la munthu lero ku Dublin, ku Toronto kapena ku Cape Town si mdzukulu wa mbande ya ku Tooting. Ndi mbande yomweyo, yongogawidwagawidwa kwa zaka zoposa 170.

Nthawi inalinso yabwino. Mu 1845 boma la Britain linachotsa msonkho wa magalasi, ndipo mu 1851 linachotsanso msonkho wa mawindo. Chaka chomwecho Joseph Paxton, amene anali wolima maluwa, anamanga chinyumba cha magalasi cha Crystal Palace ku London. Magalasi atatsika mtengo, nyumba zolimiramo maluwa sizinalinso za mafumu okha. Madokotala, abusa ndi eni masitolo anayamba kumanga zawo, ndipo onse ankafuna chomera chochita maluwa m'miyezi ya chisanu, pamene panja palibe chobiriwira. Pofika zaka za m'ma 1860 nazale za ku England ndi ku France zinali ndi mitundu yambiri ya duwali, yosiyana maonekedwe ndi kawalidwe. Mu 1858 Charles Lemaire anapatsa gulu la zomerazi dzina la Schlumbergera, polemekeza Frédéric Schlumberger, amene ankasunga mitundu yambiri ya kakitasi pafupi ndi mzinda wa Rouen.

Olima maluwa a nthawi imeneyo anali ndi luso lina lochititsa chidwi. Popeza nthambi zimagwa pansi, maluwa ankabisika m'mbali mwa mphika. Iwo ankadzala Pereskia, kakitasi wa masamba enieni ndi tsinde lolimba, n'kumusiya akule mowongoka mpaka kufika m'chiuno kapena kuposa. Kenako ankadula mutu wake, n'kung'amba pang'ono, n'kulowetsamo kagawo ka kakitasi wolendewera, ndipo kawirikawiri ankakabaya ndi munga wa Pereskia yemweyo kuti kasagwe. Kumezanitsa kotereku kukagwira, pankatuluka kamtengo kokhala ndi mutu wa nthambi zogwera mbali zonse, kamene ankakaika pakati pa tebulo la phwando.

Koma zokonda za anthu a ndalama sizikhalitsa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 duwali linali litatsika mbiri. Nazale ya Rollisson inali itatsekedwa kale. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatenga anyamata ogwira ntchito m'minda ya olemera, malasha otenthetsera nyumba za magalasi anasowa, ndipo mitundu yambiri imene inali m'mabuku a malonda inatayika. Chomera chosungidwa pa kanthambi chili ndi vuto limeneli: chilibe njere zogona m'botolo zodikira tsiku labwino. Mphika womaliza ukauma, mtunduwo watha.

Duwa la Buckley silinathe, ndipo amene analipulumutsa si akatswiri kapena amalonda. Ndi anthu wamba, makamaka amayi, amene ankaliika pawindo la kukhitchini, n'kumathyolera mnansi, mwana wokwatiwa kapena mnzawo wa kutchalitchi. Osamukira ku America, ku Canada ndi ku Australia ankanyamula tizigawo m'katundu. Ku North America mpaka lero kuli mabanja amene ali ndi chomera chimene chadutsa m'manja mwa mibadwo itatu kapena inayi, tsinde lake la m'munsi litalimba n'kuchita khungwa ngati mtengo. Mwambo umenewu sunalembedwe penapake, ndipo unalibe bungwe louyang'anira. Unayenda chifukwa kupatsa munthu kanthambi sikumusaukitsa wopatsayo: pamene wathyola pamaphuka tizigawo tiwiri kapena titatu, ndipo chomera chimachita thunzi kuposa kale.

Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuyambira nthawi ya Buckley. Amasankha nthambi ya tizigawo tiwiri kapena titatu tokhwima, pamene chomera chamaliza maluwa. Sadula ndi mpeni pakati pa kagawo, amagwira pamfundo n'kupotokola mpaka kaduke kokha, chifukwa mizu imatuluka bwino pamfundopo. Kenako pamabwera gawo limene anthu ofulumira amalakwitsa: kanthambiko amakasiya pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume. Kakabzalidwa bala lili liwisi m'dothi lonyowa, kamawola kasanatulutse muzu. Bala likauma amakazika pang'ono chabe, mbali ya m'munsi ili pansi, m'dothi lopepuka losakaniza ndi mchenga ndi masamba owolerana, mumphika woboola pansi. Madzi amathira ochepa, ndipo dzuwa la masana salola kuti likawombe. Pakapita milungu itatu kufikira isanu ndi umodzi mizu imakhala itagwira, ndipo chizindikiro chake ndi kagawo katsopano kofiirira kotuluka kunsonga. Dothi la dongo losunga madzi ndilo mdani wamkulu, popeza kwawo chomerachi mizu yake imakhala pamphanda pamene mvula imangodutsa.

Chifukwa chomeracho chinkayenda popanda chikalata, dzina lake lenileni linasokonekera. Kwa zaka zambiri mabuku ankachitcha Schlumbergera bridgesii, poganiza kuti ndi mtundu wa kutchire. Mtundu wa mano osongoka nawo unali utapatsidwa dzina lina, Zygocactus, mu 1890, dzina limene ogulitsa maluwa ena akuligwiritsabe ntchito. Anali Mngelezi wokonda zomera, Will Tjaden, amene m'zaka za m'ma 1960 anafufuza m'magazini akale a zamaluwa n'kusonyeza kuti duwa la pawindo la aliyense lija ndi haibulidi ya ku Tooting. Kuyambira 1966 limalembedwa kuti Schlumbergera × buckleyi.

Panthawiyo malonda anali atayambiranso. Kuchokera m'zaka za m'ma 1950 alimi a ku Ulaya, ku America, ku Australia ndi ku New Zealand anayambanso kukwatitsa mitundu. Anali atamvetsa chimene chimachititsa maluwa: usiku wautali, wa maola pafupifupi 13 kapena kuposa, pamodzi ndi kuzizira. Pophimba zomera ndi nsalu yakuda kapena kuyatsa magetsi usiku, mlimi ankatha kusankha yekha sabata imene maluwa atuluke. Ku Florida kampani ya B. L. Cobia ya ku Winter Garden inatulutsa Gold Charm kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mtundu wa maluwa achikasu umene anthu ankaufuna kwa nthawi yaitali. Denmark ndi Netherlands zinasanduka malikulu a ulimiwu, ndipo mu 1989 mlimi mmodzi yekha wa ku Aalsmeer ankanenedwa kuti amatulutsa zomera 2 miliyoni pachaka. Zonsezo zinkachokera ku tizigawo. Ngakhale m'nyumba za magalasi zoyendera makina, ntchito yeniyeni imakhalabe ya zala: kupotokola ndi kuzika, kagawo ndi kagawo.

Chodabwitsa ndi chakuti malonda atsopanowa analisiya duwa la Buckley. Amalonda amafuna chomera choima chilili, chosavuta kukulunga m'pepala ndi kulongedza m'galimoto, chochita maluwa msanga kuti chigulidwe kuyambira Novembala. Mtundu wa mano osongoka ndiwo umakwaniritsa zimenezi, ndipo ku America amautcha kakitasi wa Thanksgiving. Nthambi zogwa za Buckley zimathyoka m'bokosi. Kotero zambiri zimene zimagulitsidwa m'masitolo pa Khirisimasi ndi za mtundu winawo, ndipo wofuna duwa lakale lija kawirikawiri amalipeza popempha kwa munthu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: la Buckley lili ndi tizigawo ta m'mbali mozungulira bwino, maluwa oyang'ana pansi ndi mungu wapinki, pamene linalo lili ndi mano, maluwa opingasa ndi mungu wachikasu. Amalonda sanalakwe posankha chowapindulitsa, koma n'zoonekeratu kuti pakanapanda anthu opatsana, mbewu imene inayambitsa mbiri yonseyi ikanasowa.

Njira ya kanthambi ili ndi mtengo wake, ndipo si chilungamo kuibisa. Chilichonse chimene chili m'thupi la kholo chimapita kwa mwana, matenda omwe. Pali mavairasi angapo, monga Cactus virus X ndi Zygocactus virus X, amene amayenda m'madzi a chomera, ndipo amafala pothyola, pomezanitsa ndi pa mipeni yosatsuka. Nthawi zambiri saonekera msanga, amangofooketsa chomera kapena kuchititsa mawangamawanga. N'chifukwa chake nazale zazikulu zimasamala kwambiri za zomera zimene zimathyolako mbewu. Komanso zomera mamiliyoni zikakhala thupi limodzi, matenda amene agonjetsa chimodzi angathe kugonjetsa zonse.

Kum'mwera kwa dziko lapansi kalendala ya duwali ndi yotembenuka. Ku Brazil amalitcha flor de maio chifukwa limachita maluwa cha mu Meyi, masiku akafupika ndipo kukayamba kuzizira. Ndi mmenenso limachitira ku Australia ndi kum'mwera kwa Africa: wolisunga kuno aziyembekezera maluwa nyengo ya chisanu, osati mvula ya Disembala ili pakati. Africa ilinso ndi m'bale wake wa duwali. Rhipsalis baccifera, kakitasi wa nthambi zowonda ngati zingwe ndi tizipatso toyera, amamera yekha pamitengo ndi pamiyala m'nkhalango zachinyezi za ku Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Ndiye kakitasi yekhayo amene amapezeka mwachilengedwe kunja kwa America, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti njere zake zinawoloka nyanja m'mimba mwa mbalame.

Kumapiri kumene nkhaniyi inayambira zinthu sizili bwino kwenikweni. Nkhalango ya Mata Atlântica, imene kale inkakuta gombe lonse la kum'mawa kwa Brazil, yatsala zidutswazidutswa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti yotsalayo ili pakati pa magawo 11 ndi 16 pa 100 alionse a nkhalango yakale. Serra dos Órgãos inatetezedwa ngati paki ya boma mu 1939, ndipo zimenezi zathandiza. M'zidutswa zotsalazo munali mukubisalabe mitundu ina: Schlumbergera orssichiana, wa maluwa akuluakulu, analembedwa m'mabuku mu 1978 mokha, ndipo alimi anamukwatitsa msanga ndi mitundu yakale. Schlumbergera kautskyi wa ku Espírito Santo amapezeka m'malo ochepa kwambiri ndipo ali pachiopsezo chotheratu.

Malamulo a mayiko amazindikira kusiyana kwa zomera za kutchire ndi za m'miphika. Pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zosowa, linaika pafupifupi banja lonse la kakitasi pamndandanda wofunika chilolezo powolotsa malire. Koma haibulidi ya Buckley, mitundu yolimidwa ya Schlumbergera truncata ndi mahaibulidi ena ochepa anachotsedwapo, bola akhale ochulukitsidwa ndi anthu, osati ozulidwa m'nkhalango. Chimene chimatsala kwa woyenda ndi kanthambi m'chikwama ndi lamulo lina, loteteza ulimi ku matenda ndi tizilombo: mayiko ambiri amafuna chikalata chosonyeza kuti chomeracho chayezedwa, ndipo ena, monga Australia ndi New Zealand, amalanda pabwalo la ndege pomwepo chomera chilichonse chimene chabwera popanda chilolezo.